Kulira M'tchalitchi cha Eni Ake

Mng'ono wanga anamwalira Lolemba m'mawa, ine ndili pantchito kunyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, mumzinda wa London, ndikudyetsa phala gogo wina amene ankalilavulira pa yunifolomu yanga. Foni inanjenjemera m'thumba kangapo konse. Nditapeza mpata ndinakadzitsekera m'kachipinda kosungira matawulo n'kuimba. Anayankha achimwene, ndipo sanazungulire. Mutu unamuyamba Loweruka, Lamulungu anathamangira naye kuchipatala cha paboma, kutacha basi zatha. Mtsikana woti sabata yathayo amandiseka pafoni kuti masaya anga akula ndi zakudya za azungu.

Ndinatuluka m'kachipindamo n'kukamaliza kudyetsa phala lija. Musandifunse kuti zinatheka bwanji. Ntchito ya kuno imakuphunzitsa kumeza chilichonse nkhope ikumwetulira.

Zopita kumudzi panalibe. Pasipoti yanga inali ku ofesi yoona za alendo, ikudikira mapepala atsopano, ndipo ngakhale ikanakhala m'manja mwanga, kwathu ku Ntcheu nthawi ya dzinja mtembo sudikira ndege. Anati aika mawa lake masana.

Nditaweruka ndinaimbanso, amayi n'kutenga foni. Mawu awo anali atasasa kale, ndipo kumbuyo ndinkamva azimayi akuimba m'nyumba ya siwa.

"Anthu akuyankhula kuno," anatero.

"Akuyankhula chiyani?"

Ndinafunsa chabe, ndinali nditadziwa kale. Chaka chapitacho ndinawamangira nyumba ya malata, yoyamba kumtundu kwathu. Nyumba yangoima kumene, mwana wathanzi wagwa ndi mutu chabe. Wa kumudzi aliyense amadziwa mmene nkhani yotere imalukidwira: wa kunja uja wakhwimira m'bale wake.

Ine kukhwima? Kukhwima kwanga n'kupukuta matako a nkhalamba zimene ana awo sabwera n'kudzaziona komwe, msana ukuwawa, manja atasuwa ndi sopo. Ndinawauza amayi choncho, mwina mokweza kuposa mmene mwana ayenera kuyankhulira ndi kholo loferedwa.

"Ine sindikuzikhulupirira," anatero mwachifatse. "Koma ndikhala nawo ndine anthu amenewa. Mawa kumanda achimwene ako akuimbira, akweza foniyo m'mwamba. Ulire, mwana wanga. Ulire kuti akumve."

Sichinali chinthu chovuta kupempha. Misozi ndinali nayo yambiri. Vuto linali malo.

Ndinkakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba yogawana ndi anthu ena, makoma ake opyapyala moti mnzako akatembenuka pabedi umadziwa. Khomo loyandikana nalo kunkagona namwino wogwira ntchito usiku, amene masana ankamenya khoma ndikangotsokomola. Kunsi kunali alandilodi, ndipo kuseri kwa mpanda kunali banja lina limene linaitanapo apolisi chifukwa munthu anakweza mawu pafoni. Mpingo wathu ku Peckham umachita lendi holo Lamulungu lokha. Pakati pa sabata mumakhala anthu odumphadumpha kuti achepetse thupi. Amalawi anzanga anatumiza mauthenga ambiri, ndipo anagwirizana zodzakhuza Loweruka, poti aliyense anali pa shifiti. Maliro a ku London amadikira tsiku lopuma. Sindikuwanena, nanenso ndawachitapo anzanga zomwezo.

Amene anandipatsa nzeru ndi mayi wina wachikulire wa ku Lusaka yemwe tinkagwira naye ntchito. Tonse tinkangoti anti. Ndinawaimbira kuti andigwirire shifiti ya mawa.

"Shift nizagwila, osavutika," anatero. "Manje iwe uzalilila kuti? Mu toilet?"

"Sindikudziwa, anti. Mwina ku park."

"Na mvula iyi? Awe. Yenda ku church ija ikulu ya kudala pa London Bridge. Masana sibavala chitseko, sibafunsa na kwamene wachoka. Ine pamene banamwalila batate nenze kunkala mwamene muja."

"Munalira momwemo?"

"Ine nenze chabe zii pa bench. Koma ni nyumba ya Mulungu, sibangakupishe."

Ndinamva za nyumba ya Mulungu zokhazo. Za zii sindinaziganizire.

Kutacha ndinaika chitenje ndi duku m'chikwama n'kukwera sitima. Kunja kunali kotuwa, kamvula kowaza kosadziwika kumene kakuchokera. Nditatsika ndinafunsa njira, munthu n'kungondilozera ndi chibwano akuthamanga.

Ndinkayembekezera kachisi woonekera patali, pamtunda, monga amamangira amishoni kwathu. Tchalitchicho ndinachipeza chili m'munsi, chopanikizika pakati pa mlatho wa njanji ndi msika, nyumba zazitali zamagalasi zikuchiyang'anira pamutu. Makoma ake ndi amiyala yakuda ndi utsi wa zaka zambirimbiri. Sitima ikamadutsa pamwamba nthaka inkanjenjemera. Fungo la nyama yootcha lochokera kumsika linkafika mpaka pakhomo, ndipo pabwalo la tchalitchi anthu a m'maofesi anali atabisala mvula m'mphepete mwa khoma, aliyense akudya chake m'kapepala. Ndinaima pakhomopo n'kumanga chitenje pamwamba pa jekete ndi buluku, duku kumutu. Mkazi sapita pamaliro chimutumutu. Wina anandiyang'ana kamodzi n'kubwerera ku chakudya chake.

Mkati munali mozizira kuposa panja. Nsanamira zamiyala zinakwera mpaka khosi linandiwawa pozitsatira, ndipo kumtundako zinapindikira pamodzi n'kupanga denga. Kuwala kunkalowa kofooka kudzera m'magalasi amitundumitundu. Ndinayenda pang'ono ndili chiyang'anire m'mwamba, kenako ndinayang'ana pansi. Pansi pa nsapato zanga panali dzina la munthu, losemedwa pamwala, lofufutika theka. Patsogolo pake lina, kumbali lina. Ndinali nditaima pamanda.

Ndinadumphira pambali. Ife tinakula tikuuzidwa kuti manda suloza n'chala, ndipo kulowako popanda chilolezo ndi mlandu. Apa mayi wina ankakankha kachikuku ka mwana pamwamba pa akufa, kwinaku akuyankhula ndi mnzake. Ana a sukulu ovala zofanana anakhala pansi pamiyala yomweyo akujambula nsanamira m'mapepala. Ine ndinayamba kuyenda monyang'ama, ndikusankha poponda, mpaka ndinaona kuti n'zosatheka. Akufa anali paliponse. M'mbali mwa makoma munagona ziboliboli za anthu, manja atagwirana pachifuwa, ena mphuno zitathyoka. Chimodzi anachisema ngati mtembo wowonda, nthiti zonse pamtunda, ndipo mlendo wina anawerama pafupi nacho kuti mkazi wake amujambule.

Chodabwitsa n'choti zimenezi zinandilimbitsa mtima. Ndinati nyumba imene yasunga akufa ochuluka chonchi, kulira si kwachilendo kwa iyo. Amasiye angati analira pakati pa makoma amenewa njanjiyo isanabwere?

Ndapitakonso kangapo kuchokera tsiku limenelo, ndipo tsopano ndimadziwa ntchito imene nyumbayo imagwira mumzinda. Ndi malo okhawo m'dera lonselo amene munthu angakhale pansi osagula kanthu. Bambo wopanda pogona amawodzera pampando wa kumbuyo, zikwama zake pamiyendo, palibe womudzutsa. Wa suti amalowa, kukhala kanthawi atagwira mutu, n'kubwerera ku ofesi. Omaliza maphunziro amadzalandirira momwemo mapepala awo, oimba amadzaimba madzulo anthu n'kulipira pakhomo, ndipo mzinda ukagweredwa tsoka akuluakulu amasonkhana momwemo atavala zakuda. Kumbali kuli kogulitsira tiyi ndi makeke, ndi kasitolo ka makadi. Aliyense amalandiridwa, n'zoona. Koma aliyense amalowa atatsitsa mawu, ndipo palibe chikwangwani chimene chimakuuza zimenezo chifukwa eni ake anabadwa akuzidziwa.

Tsiku limenelo ndinkangofuna pokhala. Wina ankayeserera limba, kuliza pang'ono, kusiya, kuyambiranso pomwepo. Kenako limba linaleka, wansembe wamkazi anaima pa chimkuzamawu n'kupempha kuti tonse tiime kaye pomwe tili, tipemphere mwachidule. Anapempherera odwala, ogwira ntchito mumzindawo, ndi onse amene ali pachisoni. Alendo anatsitsa makamera awo. Atati ameni phokoso la nsapato linayambiranso. Ine ndinati basi, wanena yekha, a chisoni ndife ololedwa.

Ndinapita kuseri kwa guwa lalikulu, kumene kuli malo opemphereramo ang'onoang'ono ndi makandulo oyaka pa chitsulo. Kunali anthu ochepa. Mipando inalipo, koma ndani amalira m'bale wake atakhala pampando? Ndinasankha mwala wopanda dzina, ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo, msana kukhoma. Kuzizira kunadutsa chitenje, buluku, mpaka m'mafupa. Foni ndinaigwira ndi manja awiri.

Itaitana, inali ya vidiyo, ndipo choyamba kuona chinali matope ofiira ndi mapazi a anthu. Kenako chithunzi chinakwera: mulu wa dothi, adzukulu atatsamira makasu, maambulera, azimayi a mpingo ovala zoyera akuimba. Bokosi linali pamitengo yopingasa pamwamba pa dzenje. Linali laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi anali pansi, azimayi awiri atawagwira m'mapewa. Nkhope ya achimwene inadzadza foni yonse, maso ofiira.

"Akutsitsa tsopano," anatero. "Ndikukweza mawu. Uli pabwino?"

"Ndili m'tchalitchi."

"Chabwino."

Anaikweza m'mwamba, ndipo ndinaona mitu ya anthu a m'mudzi mwathu, ena ndikuwadziwa ndi zipewa zawo. Zingwe zinayamba kutsetsereka. Sindinachite kudzikakamiza. Chimene ndinameza dzulo lake m'kachipinda ka matawulo chinatuluka chokha.

"Mayo ine! Mng'ono wanga ine! Wapita bwanji osandidikira? Ndinati ndibwera, ndinati ndibwera ine! Amayi wawasiyira ndani?"

Sindinkadziwa chimene denga lija limachita ndi mawu. Linamangidwa kuti munthu mmodzi akaimba chapansipansi amveke mpaka kukhomo. Kulira kwanga linakutenga, kukukweza, kukuzunguza m'nsanamira monse n'kukubweza kutakula. Ndinadzimva ndekha ndikulira kutsogolo ndi kumbuyo. Limba linaima pakati pa nyimbo. Koma pafoni, mitu ija inatembenuka kuyang'ana dzanja la achimwene, ndipo azimayi a kwathu anandilandira. Ndikati mayo, iwo mayo. Amayi anadzutsa mutu. Kwa kanthawi kameneko ndinali kwathu, pakati pa anthu anga, ndipo ndikunena zoona, mumtima munapepuka.

Dzanja linandigwira paphewa. Anali mayi wachizungu wa imvi, atavala lamba wansalu wopingasa pachifuwa, wa anthu odzipereka kulandira alendo. Anagwada movutikira pambali panga, nkhope yake itachita mantha enieni. Anandifunsa ngati ndavulala, ngati wina wandichita chipongwe. Kumbuyo kwake kunafika bambo wa wailesi ya m'manja, akufunsa ngati aitane ambulansi. Nditakweza maso ndinaona anthu ataima patali mondizungulira, osayandikira, osachoka. Mphunzitsi ankakusa ana ake kuwatulutsa, kamtsikana kena katatseka makutu.

Kwathu munthu akamalira, umakhala naye pansi n'kulira naye. Apa onse anaimirira, ndipo aliyense ankafuna kudziwa chavuta n'chiyani kuti achikonze. Pakamwa panga, pamene zaka za ntchito zinapaphunzitsa choyankha mzungu akakhumudwa, panayankha pokha.

"Sorry. Sorry, sorry. I'm fine. Sorry."

Kulira kunaduka ngati watseka mpopi. Foni inali ikadali m'manja mwanga, yoyaka.

Anandidzutsa mwaulemu, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kunena kuti pali malo abata kumene ndingapumule. Ndinkafuna kunena kuti sindikufuna bata, bata ndili nalo lambiri kuchipinda kwanga. Sindinanene. Ndinayenda pakati pawo ndikuponda maina a akufa awo osasankhanso. Anandilowetsa m'kachipinda ka chitseko chochindikala, momwe munali makabati ndi mikanjo yopachika, n'kutseka.

Mayiyo sanali woipa, ndipo zimenezi n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa ndilibe womukwiyira. Anandipatsa tishu. Anabweretsa tiyi wa shuga wambiri n'kundigwiritsa kapu m'manja onse awiri, foni n'kuiika patebulo. Nditamuuza kuti akuika mng'ono wanga, maso ake anadzadza misozi. Anati mwamuna wake anamwalira chaka chathacho, ndipo iye amalirira kubafa atatsegula madzi kuti mwana wake asamve. Anandiuza ngati akundipatsa mankhwala amene anamuthandiza.

Ndinasuzumira pafoni. Chithunzi chinali chitauma: thambo loyera ndi nsonga ya ambulera. Makoma aja salowa netiweki. Ndinkadziwa kuti kumudzi dothi likugwera pabokosi, nthawi imene kulira kumafika pachimake, ndipo ine ndinali nditagwira kapu ya tiyi, ndikugwedezera mutu nkhani ya mwamuna wa eni. Munthu akukuuza za maliro ake sumusiya pakamwa. Ndinadikira mpaka anamaliza, ndinathokoza, ndinathokozanso pakhomo.

Panja mvula inali italimba. Ndinaima pansi pa mlatho wa njanji pafupi ndi ogulitsa nsomba n'kuimba. Inaitana nthawi yaitali.

"Tamaliza," anatero achimwene. "Akuika nkhata."

"Netiweki inathawa, achimwene. Ikwezeninso, ndili panja tsopano."

"Ndikweze chiyani? Abusa akutseka mwambo."

Sitima inadutsa pamwamba, ndipo itatha iwo anali atadula. Ndinayesa kulira pomwepo, ndekha, koma sikunabwere. Ndinamasula chitenje chonyowa n'kuchipinda. Wogulitsa nsomba anandifunsa ngati ndikufuna kanthu.

Amayi anaimba chakumadzulo, anthu atabalalika. Ndinali nditakhala pabedi, jekete ndisanavule. Kumbuyo kwawo kunalibenso nyimbo, kunkangomveka mbale zikutsukidwa.

"Tinakumva," anatero. "Foni inamveka bwinobwino. Azakhali ako anagwa pansi atamva mawu ako."

"Ndinalira, amayi."

"Unalira. Kenako tinamva mzungu. Kenako iwe unaleka."

Ndinasinthira foni kukhutu lina, iwo n'kupitiriza.

"Akuti wolira zoona saleka pakati kuti ayankhule chizungu. Akuti unangoyatsa n'kuzimitsa ngati wailesi. Bola ukanangokhala chete, tikanati netiweki."

Ndinayamba kufotokoza, ndikunong'ona chifukwa namwino wa khomo linalo anali asanadzuke. Ndinawauza za nyumba yamiyala, za denga lokuza mawu, za ana a sukulu, za bambo wofuna kuitana ambulansi. Ndinati kuno salira choncho, amayi, anthu anachita mantha. Ndinati mayiyo anali wachifundo, anandipatsa tiyi. Ndikuyankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera kwa munthu amene wangokwirira mwana wake, ndipo mawu anayamba kundithera.

Amayi anandisiya mpaka ndinamaliza. Chizungu sadziwa, koma liwu limene ndinabwereza pamanda paja palibe wosalidziwa, ngakhale mwana.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma wafa ndi mwana wanga, m'bale wako. Woferedwa ndiwe. Nanga iwe unkapepesa ndani?"

Mpaka lero sanandifunsenso.